Munthu wokomoka akamaliza mkonono sikuti wagona: za chubu chopumira chija

Pangozi ya kabaza kuno kwa Kabwazi, munthu akakomoka n'kuyamba kuliza mkonono, mumamva ena akuti "musiyeni, akupuma bwino ameneyo." Ayi ndithu. Nthawi zambiri mkonono umenewo ndi lilime lomwe lagwera kumbuyo n'kutseka njira ya mpweya, kapena ndi magazi ndi masanzi zomwe zadzadza kukhosi. Ubongo ukasowa okosijeni kwa mphindi 4 mpaka 6 umayamba kuwonongeka.

Kuchipatala, akaona kuti munthu sangathe kupuma payekha, amamuika chubu. Pachingerezi amati intubation. Amayamba kumupopera mpweya ndi kathumba kofinya ndi manja kotchedwa Ambu bag. Kenako amamubaya mankhwala ogonetsa ndi ofooketsa minofu, amatsegula kukamwa ndi kachitsulo kokhala ndi tochi, laryngoscope, n'kulowetsa chubucho m'kholingo. Pamenepa mpovuta, chifukwa kuseri kwa kholingo kuli njira ya chakudya. Chubu chikasochera kumeneko mpweya umapita m'mimba, ndipo munthu atha kufa chubu chili m'kamwa. N'chifukwa chake amamvetsera mapapo onse awiri asanachimange.

M'zipatala za maboma ngati cha Dedza, ntchitoyi kawirikawiri amagwira ndi ma anaesthetic clinical officer, omwe aja amagonetsa anthu pa opaleshoni. Koma chubu pachokha sichokwanira. Pamafunika makina opumira kapena munthu wofinya kathumba kaja osalekeza, ndiye ambiri amatumizidwa ku ICU ya Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa boma. Ku Blantyre, Queen Elizabeth inatsegula malo akeake olandirira akuluakulu odwala mwadzidzidzi mu 2011.

Zija zinkamveka nthawi ya Covid zoti makina ndi okosijeni zimapha, ine ndimazikana. Amene amafika poikidwa chubu amakhala kuti wadwalika kale, nde ena amamwalirabe ngakhale athandizidwe.

Nanga ife a kumsika, opanda chubu? Mugonekeni chammbali, kamwa itapenya pansi kuti masanzi azituluka. Kwezani chibwano pang'ono. Ngati mukukayikira kuti wavulala khosi, musamupinde mutu: kankhirani nsagwada yam'munsi kutsogolo, wina agwire mutu kuti usagwedezeke. Chotsani zokhazo zomwe mukuziona m'kamwa, osapisa chala mwachimbulimbuli. Ndipo chonde, osamumwetsa madzi, mkaka kapena Fanta. Zimenezo zimathera m'mapapo.

Za kavidiyo ka pa WhatsApp zidikire kaye, aise. Foniyo imbirani galimoto. Pomunyamula musamukhazike panjinga mutu uli zyoli, chifukwa chibwano chikagunda pachifuwa njira ija imatsekekanso. Agone chammbali ulendo wonse, wina akhale pafupi kuyang'ana ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika, ndipo mukafika muwauze anamwino nthawi yomwe anakomokera.