Moto Ukazima, Makalata a Ngongole Amayamba

Moto wolusa womwe unabuka ku Los Angeles pa 7 Januwale 2025 unapsereza nyumba zoposa 16,000. Ku Altadena kunapsa mzikiti wa Masjid Al-Taqwa ndi tchalitchi cha Altadena Community Church, ndipo sunagoge wa Pasadena Jewish Temple and Center anasanduka phulusa. Mabungwe ngati amenewa sapanga phindu, amadalira zopereka. Komabe khomo la boma lomwe ambiri amayamba kugogoda ndi la Small Business Administration, mwachidule SBA, nthambi yomwe inakhazikitsidwa mu 1953 kuti izithandiza mabizinesi ang'onoang'ono. Thandizo la kumeneko ndi ngongole, yofunika kubweza.

Ngongolezi zili pawiri. Yoyamba ndi ya katundu wowonongeka: makoma, denga, mipando, makina. SBA imawerengera zomwe zapsa, n'kuchotserapo zomwe inshuwalansi yalipira. Yachiwiri, yotchedwa EIDL, ndi ya chuma chosokonekera. Nyumba ya bungwe itha kupulumuka, koma opereka atabalalika, pomwe lendi, magetsi ndi malipiro a antchito zikudikira. Kawirikawiri ngongole ziwirizi pamodzi siziposa madola 2 miliyoni.

Chiwongoladzanja chake n'chochepa ndithu. Lahaina itapsa ku Hawaii mu Ogasiti 2023, cha mabungwe chinayambira pa 2.375 peresenti, ku Los Angeles chinali 3.625. Nthawi yobwezera imafika zaka 30, ndipo m'miyezi 12 yoyamba wobwereka salipira kanthu, chiwongoladzanjanso sichiwerengedwa. Wofuna kudzitchinjiriza ku moto wina, monga pofolera denga losayaka, angawonjezeredwe ndalama zofika 20 peresenti ya mtengo wa zowonongekazo.

Mfundo yolemera kwambiri ili ku FEMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, yomwe ndalama zake sizibwezedwa. FEMA imagawa mabungwe pawiri. A ntchito zosati n'kudikira, monga zipatala ndi sukulu, amapempha mwachindunji. Otsalawo, monga nyumba zosungiramo zakale, malo osonkhanira anthu a m'dera ndi nyumba zopemphereramo, zomwe lamulo linazivomereza mu 2018, ayenera kuyamba apempha ngongole ku SBA. Pa ntchito yomanganso, FEMA imalowererapo pokhapokha ngongoleyo ikakanidwa kapena ikaperewera.

Choncho komiti ya mpingo ku Altadena imayenera kulingalira zosainira ngongole ya zaka 30, ikudziwa kuti ena mwa akhristu omwe zopereka zawo zidzabweze ngongoleyo nawonso nyumba zawo zinapsa usiku womwewo.