Kalabu ya Gofu ya Lilongwe ndi Fodya wa Kumidzi

Kutsidya la kumadzulo kwa mtsinje wa Lilongwe, m'dera lotchedwa Area 3, kuli bwalo lalikulu la kapinga ndi mitengo italiitali, kumene anthu amamenya kampira koyera ndi ndodo zachitsulo. Imeneyi ndiyo Lilongwe Golf Club, kalabu imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1930. Omvera ambiri a ku Nathenje, ku Mitundu ndi madera ena a kumwera kwa boma la Lilongwe adaliona bwaloli ali kunja kwa mpanda, ndipo amaliyesa chinthu cha eni chuma chimene sichiwakhudza. Koma mbiri ikusonyeza kuti mizu ya kalabuyi ili m'minda ya makolo awo.

Masewera a gofu adachokera ku Scotland, dziko lomwelo kumene kudachokera David Livingstone ndi amishoni a ku Blantyre ndi ku Livingstonia. Kumeneko adali okondedwa kwambiri kotero kuti m'chaka cha 1457 Mfumu James II idawaletsa, pakuti anyamata ankanyalanyaza kuphunzira uta ndi mivi. Ku St Andrews m'chaka cha 1764 ndiko adakonza bwalo lawo kuti likhale la maenje 18, ndipo chiwerengero chimenechi chidasanduka muyezo wa dziko lonse lapansi. Lamulo lake nlapafupi kulimva: wopambana ndi amene walowetsa mpira m'maenje onse atamenya kochepa kuposa anzake.

Azungu atafika kuno adayamba ndi kumwera. Blantyre Sports Club idayamba m'chaka cha 1896, ku Zomba kudali Gymkhana Club, ndipo pambuyo pake Limbe, Thyolo ndi Mulanje nakonso kudabadwa makalabu. Nthawi imeneyo Lilongwe adali kamudzi chabe. Boma la Atsamunda lidakhazika ofesi yake pamenepa m'chaka cha 1904, amwenye a sitolo n'kutsatira, koma Azungu adali owerengeka, osakwanira kuyambitsa kalabu.

Chimene chidasintha zinthu ndi fodya. M'chaka cha 1920 Azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, adatenga malo ku Mbabzi. Iwowa adaona kuti phindu lalikulu silidali pa kulima okha ayi, koma pa kugawira anthu a m'midzi mbewu, kuwalangiza kalimidwe ndi kufukiza kwake, kenaka n'kuwagula fodyayo. Fodya wake adali wa chikopa, wouma ndi utsi wa nkhuni. Anthu adamulandira msanga, makamaka chifukwa msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo kudali bwino kuipeza pakhomo kusiyana ndi kukaifuna ku migodi ya ku Harare kapena ku Joni. Patangopita zaka zochepa, alimi a fodya m'maboma a Lilongwe ndi Dowa adafika zikwizikwi. M'chaka cha 1926 Boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimiwu ndi misika yake, ndipo bungweli lidabweretsa akapitawo ake Achizungu. Ogula fodya, eni malole, ogwira ntchito za Boma, onsewa adachuluka m'tauni. Pofika 1930 adali okwanira kufuna malo ochezerapo madzulo ndi Loweruka.

Tsono apa mpamene pali mfundo yowawa. Mlimi amene ankasenza mtolo wa chikopa pamutu kupita nawo ku msika ndiye adadzetsa ndalama zimene zidakuza tauniyo, koma pakhomo la kalabu sakadaloledwa kulowa ngati membala. Makalabu a nthawi ya Atsamunda adali a Azungu. Munthu wakuda ankalowamo ngati wophika, woperekera zakumwa, wotchetcha udzu, kapena mnyamata wonyamula thumba la ndodo kumbuyo kwa bwana. Ngakhale amwenye, amene ena a iwo adali ndi chuma, adachita kudzimangira kalabu yawoyawo ku Limbe. Mamangidwe a tauni ya Lilongwe ankanena zomwezo: Azungu ndi bwalo lawo la gofu kumtunda kwa tsidya la kumadzulo, sitolo za amwenye ndi msika kutsidya la kummawa, mtsinje pakati.

Ndipo zaka zoyamba za kalabuyi sizidali zamtendere kwa alimi. Malonda a dziko lapansi adagwa kuyambira 1929, mitengo ya fodya idatsika, ndipo m'chaka cha 1937 alimi a m'boma la Lilongwe adakwiya nayo mitengoyo mpaka kudabuka chipwirikiti m'misika. Chaka chotsatira, cha 1938, msika wa okushoni udatsegulidwa ku Limbe. Njanji idali itafika ku Salima m'chaka cha 1935, motero fodya wa chigawo chapakati ankatsika ndi malole kukakwera sitima kumeneko. Tauni idapitiriza kukula pang'onopang'ono, ndipo idalandira udindo wa tauni mwalamulo m'chaka cha 1947.

Ufulu wodzilamulira utabwera m'chaka cha 1964, tsankho la khungu m'makalabu silidathenso kuima. Koma chimene chidakweza kalabu ya Lilongwe kuposa zinzake ndi ganizo la Dr H. Kamuzu Banda losamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba. Ntchito yomanga idathandizidwa ndi ngongole yochokera ku South Africa, ndipo m'chaka cha 1975 Lilongwe adakhala likulu. Maunduna adasamukira kuno, akazembe a maiko akunja adatsatira, sukulu ya zaulimi ya Bunda idali itayamba kale kufupi ndi Mitundu, ndipo m'chaka cha 1979 njanji idafika mumzindawu, okushoni ya fodya n'kutsegulidwanso ku Kanengo. Amalawi ophunzira, akuluakulu a Boma ndi a makampani adayamba kugwira ndodo zimene kale ankangoziona m'manja mwa ena. Kalabu imene idayamba ngati pochezera Azungu ochepa idakhala ndi bwalo lathunthu la maenje 18, pamene mabwalo akale a ku Blantyre, Limbe ndi Zomba adatsalira pa maenje 9.

Gofu sadakhale yekha. Padamangidwa mabwalo a tenesi ndi sikwashi, dziwe losambiramo, ndi malo odyera. Kwa zaka zambiri alendo oyenda pa galimoto kuchokera maiko akutali ankakhoma matenti awo m'kati mwa mpanda wake. M'zaka zaposachedwapa oimba otchuka akhala akuchitirapo madansi akuluakulu, mwakuti achinyamata ambiri a mumzinda adaponda kapinga wa kalabuyi koyamba atabwerera nyimbo, osati mpira.

Chipata cha khungu chidagwa, koma cha ndalama chidakalipo. Ndodo za gofu zimachokera kunja, umembala umalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo kusamala bwalo lotere kumadya zambiri: kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Novembala mvula sigwa, kapinga amafuna kuthiriridwa, ndipo makina otchetchera amafuna mafuta ndi zitsulo zogula ndi ndalama zakunja. Mwana wa mlimi amene akufuna kuphunzira masewerawa njira yake kawirikawiri ikadali ija yakale, yoyamba ndi kunyamula thumba la wina. Anyamata oterewa amalidziwa bwalo kuposa mamembala. Amadziwa kumene nthaka yapendekera ndi kumene mphepo imakhotetsa mpira, pakuti amaliyenda tsiku lililonse. Amalawi ena tsopano amasewera gofu ngati ntchito yowapatsa chakudya, monga Paul Chidale, amene wapikisanapo ndi akatswiri a maiko oyandikana nafe pa bwalo lomweli la Lilongwe.