Chess: kapezedwe ka mapointi ndi kufunika kwa mayambidwe abwino

Wosewera chess wa ku Liwonde m'boma la Machinga kapena wa ku Balaka angathe kugonjetsa anzake onse a m'dera lake, koma sangapatsidwe mapointi ovomerezeka pa dziko lonse pokhapokha atasewera mumpikisano wolembetsedwa ku bungwe la FIDE.

Bungweli, lomwe linakhazikitsidwa ku Paris m'chaka cha 1924, linayamba kuyesa luso la osewera ndi mapointi a Elo mu 1970. M'dziko muno mipikisano imalembetsedwa kudzera ku bungwe la Chess Association of Malawi, ndipo imafuna woyimbira wovomerezeka. Choncho aphunzitsi ndi akuluakulu oona zamasewero m'maboma ayenera kukonza zimenezi mpikisano usanayambe.

Wosewera watsopano amayenera kusewera kosachepera kasanu ndi anthu omwe ali kale ndi mapointi. Kuyambira mu 2024, mapointi otsikitsitsa ndi 1400. Ulemu wa Candidate Master umafuna mapointi 2200, FIDE Master 2300, pomwe Grandmaster, ulemu womwe Amon Simutowe wa ku Zambia analandira mu 2009, umafuna 2500 kuphatikizapo zoyenereza zina.

Osewera ambiri ophunzira kumene amataya mapointi chifukwa cha mayambidwe olakwika. Wosasamala angathe kugonja mdani wake atangoyenda kanayi, mfumukazi ndi bishopu zikalunjika pa malo a f7, omwe amatetezedwa ndi mfumu yokha.

Mayambidwe odziwika ali ndi mayina. Italian Game imayamba ndi e4 e5, kenaka akavalo amapita pa f3 ndi c6, bishopu woyera n'kukhala pa c4. Bishopuyo akapita pa b5, mayambidwewo amatchedwa Ruy Lopez, dzina la wansembe wa ku Spain yemwe analemba buku la chess mu 1561. Sicilian Defence ndi pamene wakuda ayankha e4 ndi c5, pomwe London System imayamba ndi d4 ndi bishopu pa f4.

Kuloweza mayina kokha sikupindulitsa. Chofunika ndi kulamulira pakati pa bolodi, kutulutsa akavalo ndi mabishopu msanga, komanso kubisa mfumu. Pa mipikisano ya nthawi yaitali wosewera aliyense amalemba mayendedwe onse papepala, ndipo mapepalawo ndi omwe amathandiza aphunzitsi kuona pomwe mwana analakwitsa.