Mmene Mapangano a ku Geneva Anafikira pa Nthaka ya Zambia

Pa malamulo onse amene anthu anapangana pansi pano, palibe obvuta kusunga koposa malamulo a nkhondo. Lamulo loletsa kuba liri ndi polisi wace ndiponso bwalo lace la milandu. Koma lamulo lakuti msilikari asaphe mdani amene waponya mfuti pansi liyenera kusungidwa kuthengo, pakati pa utsi ndi mantha, kumene kulibe mboni. Maiko onse a dziko lapansi anabvomereza Mapangano a ku Geneva, ndipo makalata a cibvomerezo cao amasungidwa ndi Boma la Switzerland. Komatu pepala logona m'bokosi ku Ulaya silingathe kugwira dzanja la munthu wonyamula mfuti ku Luangwa. Kuti mau aja akhale ndi mphamvu, boma liri lonse liyenera kuwalemba m'malamulo a dziko lace, kuwaphunzitsa kwa asilikari ace, ndi kutuma anthu okagwira nchito yeniyeni. Mbiri ya Zambia ionetsa bwino kutalika kwa ulendo umene ulipo pakati pa kusaina ndi kucita.

Ciyambi ca malamulowa

Pa 24 June, 1859, ankhondo a France ndi Sardinia anamenyana ndi a Austria pa mudzi wa Solferino, kumpoto kwa Italy. Munthu wina wamalonda wa ku Geneva, dzina lace Henri Dunant, anafika m'deralo napeza obvulala zikwizikwi atasiyidwa opanda madzi kapena mankhwala. Iye anathandizana ndi akazi a m'mudzi wa Castiglione kusamala onse mosasankha mbali, ndipo mu 1862 anaturutsa buku lofotokoza zimene anaona. Cifukwa ca bukulo, mu 1863 kunabadwa komiti imene lero ichedwa International Committee of the Red Cross, ndipo mu 1864 maiko 12 anasaina pangano loyamba la ku Geneva, lakuti wobvulala asamalidwe ngakhale ali mdani, ndi kuti mtanda wofiira pa nsaru yoyera ukhale cizindikiro ca anthu osayenera kuomberedwa.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, imene asilikari a Northern Rhodesia Regiment anamenyako ku Somaliland ndi ku Burma, inaonetsa kuti malamulo akalewo anali operewera, pakuti anthu wamba anafa koposa asilikari. Motero pa 12 August, 1949, maiko anagwirizana pa mapangano anai. Loyamba liteteza obvulala ndi odwala pamtunda. Laciwiri liteteza a panyanja. Lacitatu linena za asilikari ogwidwa pa nkhondo, kuti adyetsedwe, asazunzidwe, ndipo abwezedwe kwao nkhondo ikatha. Lacinai liteteza anthu wamba amene agwa m'manja mwa adani. M'mapangano onse anai muli ndime yacitatu yofanana, imene iletsa kupha kapena kuzunza munthu wosamenya nao, ngakhale pa nkhondo yapaciweniweni.

Olemba mapanganowo anadziwa kuti kulibe mfumu imodzi yolamulira maiko onse, ndipo anasenzetsa katunduyo boma liri lonse palokha. Boma liyenera kufalitsa mau a mapangano pa nthawi ya mtendere, nkhondo isanayambe. Liyenera kuika zilango m'malamulo ace pa milandu yaikuru monga kupha mwadala wogwidwa ndi kuzunza anthu. Liyenera kufunafuna ocimwira malamulowa, kaya ndi a dziko liti, ndi kuwaweruza kapena kuwapereka kwa owaweruza. Liyeneranso kuletsa anthu kugwiritsa nchito mtanda wofiira mwacisawawa, kuti cizindikiroco cisapeputsidwe.

Dziko latsopano lilowa m'pangano

Zambia analandira ufulu wodzilamulira pa 24 October, 1964, ndipo analowa m'Mapangano a ku Geneva pa 19 October, 1966. Pano pali cinthu cimene ambiri sacizindikira. Maiko amene anatengera malamulo ao kwa Angerezi atsata mwambo wakuti pangano la kunja silikhala lamulo la m'dziko kufikira Nyumba ya Malamulo italilemba m'buku lace. Nduna ingathe kusaina, koma woweruza wa ku High Court sangathe kulanga munthu cifukwa ca siginecha ya nduna. Ndico cifukwa cace Britain anapanga lamulo lochedwa Geneva Conventions Act mu 1957, Malawi napanga lace mu 1967, ndi Zimbabwe mu 1981. Mu Zambia, caka comweco ca 1966, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Zambia Red Cross Society Act, ndipo bungwe limene kale linali nthambi ya British Red Cross linasanduka la eni dziko, lothandiza Boma pa nchito zacifundo.

Nkhondo ifika pakhomo

Panalibe nthawi yaitali yophunzirira malamulowa mwamtendere. Pa 11 November, 1965, Ian Smith anali atalengeza kuti Rhodesia wadzipatula kwa Britain, ndipo Boma la Dr. Kenneth Kaunda linalandira omenyera ufulu a Zimbabwe, South Africa, Namibia, Angola ndi Mozambique, pamodzi ndi anthu wamba othawa nkhondo. Boma la Smith linkayesa omenyera ufulu ogwidwa ngati zigawenga wamba, ndipo ena linawanyonga. Mu 1977 maiko anaonjezera mapangano ena awiri pa aja a 1949, ndipo loyamba la iwo linanena kuti nkhondo yolimbana ndi utsamunda kapena boma la tsankho iwerengedwe monga nkhondo ya pakati pa maiko. Maiko a mu Africa analimbikira kwambiri mfundo imeneyi.

Anthu a ku Chelstone, mudzi wa kum'mawa kwa Lusaka umene uli pa mseu wa Great East pakati pa mzinda ndi bwalo la ndege, anali pafupi ndi zoopsa za masiku amenewo. Pa 19 October, 1978, tsiku lenileni limene Zambia anakwanitsa zaka 12 ali m'Mapangano a ku Geneva, ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, mamailosi ngati 12 kumpoto kwa Lusaka. Woyendetsa ndege wina, wodzicha Green Leader, analankhula ndi oyang'anira bwalo la ndege la Lusaka, nalamula kuti ndege zankhondo za Zambia zisanyamuke. Anthu mazanamazana anafa, ndipo obvulala anadzaza cipatala ca University Teaching Hospital. Tsiku lomwelo unaukiridwanso msasa wa ku Mkushi, mmene munali atsikana ambiri. A Rhodesia anati misasayo inali ya asilikari. A ZAPU anati ku Chikumbi kunali othawa nkhondo. Mu April, 1979, adani analowa mu Lusaka mwenimweni naphwanya nyumba ya Joshua Nkomo, ndipo mu November anaphulitsa milato ingapo, wina wa iyo wa pa mtsinje wa Chongwe, pa mseu womwe uja umene anthu a ku Chelstone akwerapo basi popita kwao ku Petauke, Katete ndi Chipata.

Mbiri yoona siyenera kuyang'ana mbali imodzi. Pa 3 September, 1978, ankhondo a ZIPRA anagwetsa ndege ya Air Rhodesia yonyamula anthu wamba itanyamuka ku Kariba, ndipo anthu 10 mwa opulumuka anaomberedwa pansi. Mu May caka comweco anchito atatu a International Committee of the Red Cross anaphedwa pafupi ndi Nyamaropa, kum'mawa kwa Rhodesia. Njovu zikamamenyana wobvutika ndi udzu.

Pangano loonjezera la 1977 linali ndi yankho pa zonsezi. Linati ankhondo asiyanitse nthawi zonse msilikari ndi munthu wamba. Linati pamene pali cikaiko, munthu ayesedwe wamba. Linaletsa kubwezera cipongwe pa anthu wamba. Ndipo linauza boma liri lonse kuti liyesetse kusaika zinthu zankhondo pafupi ndi midzi yodzaza anthu. Koma panganolo linayamba kugwira nchito pa 7 December, 1978, maliro a ku Chikumbi atatha kale, ndipo Zambia analowamo pa 4 May, 1995. Bungwe la ANC, limene likuru lace linali mu Lusaka, linapereka lonjezo lace losunga malamulowa ku Geneva mu November, 1980, mwa dzanja la Oliver Tambo.

Caka ca 1995 cinabweretsanso mayeso ena. Anthu ena oganiziridwa kuti anatsogolera kupulula Atutsi ku Rwanda mu 1994 anathawira mu Zambia. Mu October, 1995, Jean-Paul Akayesu ndi Georges Rutaganda anagwidwa m'dziko muno, ndipo mu 1996 anatumizidwa ku bwalo la United Nations ku Arusha. Pa 2 September, 1998, Akayesu anakhala munthu woyamba kutsutsidwa ndi bwalo la maiko onse pa mlandu wopulula mtundu wa anthu. Bwalo la ku Arusha linalibe apolisi ace. Popanda apolisi a Zambia mlanduwo ukadagona.

Misampha ya m'nthaka

Citsanzo coonekeratu ca mmene pangano limasandukira nchito ndi nkhani ya mabomba okwirira pansi. Nkhondo ya Zimbabwe inatha ndi pangano la ku Lancaster House mu December, 1979, koma mabomba amene ankhondo anachera m'malire a Zambia ndi Zimbabwe, Mozambique, Angola ndi Namibia sanamve za panganolo. Bomba lotere silisankha phazi la msilikari, la mwana woweta mbuzi, kapena la mai wopita kukatunga madzi. Ngakhale kumene kulibe bomba, mantha okha amaletsa anthu kulima munda wabwino.

Mu December, 1997, maiko oposa 120 anasaina pangano ku Ottawa, m'dziko la Canada, loletsa kupanga, kusunga, kugulitsa ndi kuchera mabomba otere. Panganolo linapatsa dziko liri lonse zaka 4 zoonongera mabomba a m'nkhokwe zace, ndi zaka 10 zocotsera a m'nthaka. Zambia anasaina mu December, 1997, natsimikiza cibvomerezo cace pa 23 February, 2001. Pambuyo pace masitepe anatsatana bwino. Kunatsegulidwa ofesi yochedwa Zambia Mine Action Centre. Mu 2003 Nyumba ya Malamulo inapanga Prohibition of Anti-Personnel Mines Act, ndipo kuyambira pamenepo kuchera bomba lotere kunasanduka mlandu umene bwalo la m'dziko lingathe kuweruza. Mu 2004 asilikari anaononga mabomba a m'nkhokwe, kusiyako ena amene panganolo limalola kusunga pophunzitsira ocotsa mabomba. Kenaka anthu anayenda m'maboma a m'malire, mothandizana ndi bungwe la Norwegian People's Aid, kufunsa mafumu ndi eni midzi za malo okaikitsa. Mu 2009, ku msonkhano wa ku Cartagena m'dziko la Colombia, Zambia analengeza kuti wakwaniritsa udindo wace wocotsa mabombawo, nthawi yoikika ya August, 2011, isanakwane. Mozambique, amene anabvutika koposa, anafika pamenepo mu 2015.

Cimene cinapambanitsa nchito imeneyi ndi cakuti munali zonse zofunika: lamulo lolembedwa, ofesi yodziwika, tsiku lomalizira, ndi lipoti loperekedwa kwa maiko anzace. Pamene cimodzi ca izi cisowa, pangano limangokhala fodya wa pacala, amene akuru anati ngwa mphepo.

Pa nkhani ya bomba lina, limene limasweka m'mwamba ndi kumwaza timabomba tambirimbiri, Zambia anakhala patsogolo. Maiko a mu Africa anasonkhana ku Livingstone pa 31 March ndi 1 April, 2008, kuti alankhule ndi mau amodzi. Pangano linasainidwa ku Oslo mu December, 2008, Zambia nalitsimikiza pa 12 August, 2009, ndipo mu September, 2013, msonkhano wacinai wa maiko a m'panganolo unacitikira mu Lusaka. Koma pofika msonkhanowo lamulo la m'dziko lokhudza bomba limeneli linali likali kukonzedwa. Kulandira alendo kumafulumira. Kulemba lamulo kumacedwa. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inapanga Ratification of International Agreements Act, kuti pakhale njira yodziwika yobvomerezera mapangano a kunja ndi kuwalowetsa m'malamulo a dziko.

Wina angafunse kuti, dziko lamtendere livutikiranji ndi malamulo a nkhondo? Yankho liri m'mbiri ya asilikari ace. Ana a Zambia anakasungitsa mtendere ku Mozambique, ku Rwanda, ku Sierra Leone ndi ku Central African Republic, ndipo mu May, 2000, ambiri a iwo anagwidwa ndi zigawenga za RUF ku Sierra Leone. Tsiku limenelo makolo ao ku Chelstone, ku Kabwata ndi kumidzi anafuna kuti wogwira mwana wao akhale munthu wodziwa kuti wogwidwa saphedwa. Dziko lofuna kuti ena adziwe zimenezi liyenera kuyamba kuphunzitsa ace.

Acinyamata otsiriza sukulu ndiwo adzakhala makalaliki okonza mabilu a Nyumba ya Malamulo, masajeni ophunzitsa asilikari atsopano, anamwino obvala mtanda wofiira, ndi aphunzitsi ocenjeza ana kuti citsulo cacilendo copezeka m'munda cisakhudzidwe koma cikanenedwe kwa apolisi. Nduna imasaina tsiku limodzi. Anthu amenewa ndiwo amasunga panganolo masiku onse otsala.