Milongoti yambiri pansanja imodzi: mauthenga, radar ndi magetsi

Massive MIMO ndi luso loika timilongoti makumi kapena mazana pansanja imodzi ya mafoni. Kalikonse kamatulutsa funde pa nthawi yake yowerengedwa bwino, mwakuti mafundewo amaunjikana pomwe pali foni, kwinako n'kufafanizana. Nsanja yakale inkawala ngati babu. Iyi imaloza ngati tochi. Thomas Marzetta wa ku Bell Labs ndiye anafotokoza ganizoli mu 2010, ndipo mu 2016 akatswiri a mayunivesite a Bristol ndi Lund anatumikira zipangizo 22 nthawi imodzi ndi milongoti 128.

Funde lomwelo likagunda galimoto kapena drone limabwerera. Nthawi imene latenga imauza nsanja mtunda, kusintha kwa kagundidwe kake kumaulula liwiro, ndipo kuchuluka kwa milongoti kumasonyeza mbali imene chinthucho chili. Nsanja yasanduka radar. Mu 2023 bungwe la ITU linaika ntchito yophatikiza kulumikizana ndi kuzindikira zinthu m'gulu la zolinga za IMT-2030, imene ambiri amaitcha 6G. Apa pafunika malamulo okhwima, chifukwa nsanja yotere imaona ngakhale munthu amene alibe foni.

Povuta kwenikweni ndi pa magetsi. Kutumiza mphamvu popanda waya si kwachilendo: William C. Brown anaulutsa kahelikopita ndi mafunde a microwave mu 1964, pogwiritsa ntchito rectenna, mlongoti wosandutsa mafunde kukhala magetsi. Mu 1975 ku Goldstone, m'chigawo cha California, anatumiza mphamvu yoposa makilowati 30 pa mtunda wa kilomita imodzi ndi theka, koma ndi mlongoti waukulu wonga mbale wolozera malo amodzi. Funde limamwazika likamapita patali. Foni imatha kumva uthenga ngakhale mphamvu itatsala yochepetsetsa, pamene rectenna imafuna yochuluka kuwirikiza ka mamiliyoni kuti iyambe kugwira ntchito. Ndiponso, monga anasonyezera Lav Varshney mu 2008, funde lopangidwa kuti linyamule mphamvu yambiri silinyamula uthenga wochuluka momwe likanathera. Wolandira amagawa: gawo lina awerenge, lina akolole.

Choncho oyembekezera kutchaja foni kuchokera pansanja adikira nthawi yaitali. Phindu lenileni lili pa timasensa tating'ono ta m'mafakitale ndi m'nyumba zosungira katundu, tomwe timadya magetsi ochepa kwambiri ndipo kutisinthira mabatire kumadula kuposa mtengo wake.