Kukana kuyaka kwa kompyuta pambuyo posintha kagawidwe ka disiki

Kukana kuyaka kwa kompyuta pambuyo posintha kagawidwe ka disiki ndi vuto limene limabwera munthu akasamutsa disiki kuchoka pa MBR kupita pa GPT kapena kubwerera, akafufuta chigawo china, ngakhalenso akangosuntha malire a zigawo. Magetsi amalowa, fani imazungulira, dzina la kampani limaoneka pa sikirini, koma Windows kapena Linux osabwera. Mwini kompyuta amangoona mdima ndi timawu tochepa tachingerezi, monga "No bootable device", "Operating system not found", "BOOTMGR is missing" kapena "grub rescue>".

Nthawi zambiri mafayilo amakhala ali pomwepo, osakhudzidwa. Chimene chasokonekera ndi kumvana kwa zinthu zitatu: firmware imene imakhala pa bodi, kaundula wa zigawo amene amalembedwa pa disiki, ndi bootloader, kapulogalamu kamene kamadzutsa Windows kapena Linux. Kaundulayo ali ngati buku la malire a minda: bukulo likalembedwa mwatsopano, chimanga sichizuka m'munda. Zithunzi ndi makalata a anthu ambiri zimatayika pambuyo pake, munthu akathamangira kufomata chifukwa cha mantha.

Akaundula awiri

MBR inayamba mu 1983 ndi PC DOS 2.0. Yonse imakwana mu sekita yoyambirira ya disiki, ya mabayiti 512. Mabayiti 446 oyamba ndi malo a kapulogalamu koyatsira, 64 otsatira ndi kaundula wa zigawo zinayi, chigawo chilichonse mabayiti 16, ndipo awiri otsiriza ndi chidindo cha 55 AA chosonyeza kuti sekitayo ndi yoyatsira. Kuchepa kwa malo kumeneku ndiko gwero la malire ake. Zigawo zikuluzikulu sizipitirira zinayi, ndipo wofuna zambiri amasandutsa chimodzi kukhala cha extended n'kugawa zina m'kati mwake. Masekita amawerengedwa ndi mabiti 32, choncho pa disiki ya masekita a mabayiti 512 MBR imalekezera pa ma terabyte awiri. Disiki ya ma terabyte anayi yokhala pa MBR imaoneka ngati theka lake linasowa.

GPT inakonzedwa ndi Intel chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ngati mbali ya EFI, imene kuyambira mu 2005 ili m'manja mwa bungwe la UEFI Forum. Mutu wa kaundula umakhala pa sekita 1, ndipo mndandanda wa zigawo, umene kawirikawiri umakhala ndi malo 128, umatenga masekita 2 mpaka 33. Kaundula yense amalembedwanso kachiwiri kumapeto kwa disiki, ndipo ali ndi nambala yotsimikizira ya CRC32 imene imaulula ngati penapake pawonongeka. Pa sekita 0 pamasiyidwa MBR yoteteza, yokhala ndi chigawo chimodzi cha mtundu wa EE, kuti mapulogalamu akale asaganize kuti disikiyo ndi yopanda kanthu.

Anthu ambiri anayamba kusintha madisiki awo chifukwa cha Windows 11, imene inatuluka pa 5 October 2021 ndipo imafuna UEFI, kuthekera kwa Secure Boot ndi TPM 2.0. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025.

Mmene firmware imafunira chodzutsa

BIOS yakale siidziwa za mafayilo. Ikayaka, imatenga sekita yoyamba ya disiki, imayang'ana chidindo cha 55 AA, n'kupereka ulamuliro ku kapulogalamu kamene kali mmenemo. Pa Windows, kapulogalamuko kamafufuza chigawo cholembedwa kuti active n'kupitirira kumeneko. UEFI imachita mwina. Imatha kuwerenga chigawo cha FAT32 chotchedwa EFI System Partition, mwachidule ESP, ndipo imatsegula fayilo ya .efi imene dzina lake linalembedwa mu NVRAM ya pa bodi. Ya Windows ndi \EFI\Microsoft\Boot\bootmgfw.efi. Mu NVRAM mukapanda kanthu, firmware imayesa \EFI\BOOT\BOOTX64.EFI, ndipo ndi fayilo yomweyi imene imachititsa kuti fulashi yoikira Windows iyake pa kompyuta ya UEFI.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Windows imayaka pa disiki ya GPT pokhapokha firmware ili pa UEFI, ndipo njira yokhazikika ya disiki ya MBR ndi BIOS, imene pa mabodi atsopano imatchedwa Legacy kapena CSM. Munthu akasintha kaundula n'kusiya firmware pa Legacy, BIOS imapeza MBR yoteteza ija ilibe chigawo choti idzutse, n'kunena kuti palibe disiki yoyatsira. Akasintha firmware koma pa disiki palibe ESP, UEFI nayo imasowa pogwira. Makompyuta ambiri opangidwa chaka cha 2020 chitadutsa alibiretu CSM, moti disiki yakale ya MBR ikachotsedwa mu kompyuta ina n'kuikidwa mmenemo, siyaka ngakhale ili bwinobwino.

Kufufuza musanalembe kalikonse

Ntchito yoyamba ndi kungoyang'ana. Wokonza amalowa mu firmware podina F2, F10, Esc kapena Del kompyuta ikangoyaka, kutengera kampani imene inaipanga, n'kuona zinthu zitatu: ngati disiki ikuoneka, ngati firmware ili pa UEFI kapena Legacy, ndi ngati pa mndandanda wa zoyatsira pali dzina loti Windows Boot Manager kapena la Linux, monga ubuntu. Disiki ikapanda kuoneka n'komwe, vuto lili pa waya, pa polowetsera kapena pa disiki yeniyeniyo, ndipo kaundula alibe mlandu. Makompyuta ambiri amachira pomwepa, pongosintha Legacy kukhala UEFI n'kusunga.

Zikakanika, pamafunika fulashi yoikira Windows kapena ya Linux yoyaka payokha. Fulashiyo iyenera kuyatsidwa m'njira yofanana ndi imene disiki ikufuna. Pa mndandanda wa zoyatsira, fulashi imodzi imaoneka kawiri, dzina limodzi loyamba ndi UEFI ndi lina lopanda, ndipo kusankha molakwika ndiko kumabweretsa uthenga wotchuka uja woti Windows singaikidwe pa disikiyi chifukwa ndi ya GPT. Uthengawu wapweteketsa anthu ambiri, pakuti umamveka ngati disiki ndiyo yolakwa, pamene cholakwika ndi mmene fulashi yayatsidwira. Pulogalamu ya Rufus, yolembedwa ndi Pete Batard, imafunsa funso lomweli popanga fulashi, ndipo yankho lake liyenera kugwirizana ndi kompyuta imene fulashiyo ikagwirepo ntchito.

Mu Command Prompt ya pa fulashi ya Windows, wokonza amalemba diskpart kenako list disk. Nyenyezi ikaoneka pansi pa mawu oti Gpt, disikiyo ndi ya GPT. Lamulo la list volume limasonyeza zigawo zimene Windows imazizindikira, ndipo ESP imadziwika ndi kuchepa kwake: kachigawo ka FAT32 ka ma megabyte 100 kapena kupitirirapo pang'ono. Pa Linux, lsblk -f ndi gdisk -l zimanena zomwezo, ndipo foda ya /sys/firmware/efi imapezeka pokhapokha kompyuta yayaka pa UEFI. Zigawo zikamaoneka ndi kukula kwake koyenera, mafayilo ofunika akopereni pa disiki ina nthawi yomweyo, kukonza kusanayambe.

Kukonza Windows

Kuyambira Windows 10 ya 1703, imene inatuluka mu 2017, Microsoft imapereka pulogalamu ya mbr2gpt yosinthira disiki popanda kufufuta mafayilo. Imafuna kuti disiki ikhale ndi zigawo zikuluzikulu zosaposa zitatu, pasakhale cha extended, ndipo BitLocker ikhale yoimitsidwa kaye. Lamulo la mbr2gpt /validate limayesa ngati zitheka, la /convert ndilo limasintha, kupanga ESP ndi kuikamo mafayilo oyatsira. Ikamaliza, firmware imakhala ikadali pa Legacy mpaka munthu ataisintha yekha, ndipo ambiri amene amati mbr2gpt yawaphera kompyuta anangoiwala sitepe imeneyi. Pulogalamuyi ilibe njira yobwerera ku MBR, choncho ndi bwino kutsimikiza kaye kuti bodi ili ndi UEFI. Mu Windows, msinfo32 imasonyeza mmene kompyuta yayakira pa mzere wa BIOS Mode.

Disiki ikasinthidwa ndi pulogalamu ina imene sinapange ESP, kachigawoko kamapangidwa pamanja. Mu diskpart, munthu amasankha chigawo cha Windows, amachichepetsa ndi shrink, kenako create partition efi size=260, format quick fs=fat32 ndi assign letter=S. Akatuluka amalemba bcdboot C:\Windows /s S: /f UEFI, ndipo lamuloli limakopera mafayilo oyatsira n'kulemba BCD yatsopano, kaundula wa Windows wonena pamene iyo ili. Chofunika kusamala ndi zilembo. Pa fulashi yokonzera, chigawo chimene tsiku ndi tsiku chimatchedwa C chikhoza kuoneka ngati D kapena E, ndipo dir imathandiza kupeza pamene pali foda ya Windows. Lamulo lomweli la bcdboot limathetsa zolakwika za 0xc000000e ndi 0xc0000225, zimene kawirikawiri zimatanthauza kuti BCD ikuloza chigawo chimene chasuntha kapena chasintha nambala yake.

Malamulo a bootrec /fixmbr ndi bootrec /fixboot, amene amatchulidwa kwambiri m'malangizo akale, ndi a m'nyengo ya BIOS. Pa disiki ya GPT loyambalo silithandiza kanthu, ndipo lachiwirilo limakonda kuyankha kuti "Access is denied". Pa disiki ya MBR ndi othandiza, bola chigawo chokhala ndi bootmgr chikhale cholembedwa active.

Pali misampha itatu imene imaoneka ngati vuto la kaundula koma ili kwina. Wokonza akabwezera firmware pa zimene inabwera nazo ku fakitale, SATA imatha kusintha pakati pa AHCI ndi RAID, ndipo Windows imayamba kuyaka n'kugwa ndi uthenga wa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Kubwezera SATA mmene inalili kumathetsa nkhaniyo. Wachiwiri ndi BitLocker: firmware ikasintha, TPM imakana kutulutsa kiyi, ndipo kompyuta imafunsa nambala yopulumutsira ya manambala 48. Nambalayi kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake kapena kwa oyang'anira makompyuta a ku ntchito, ndipo popanda iyo palibe katswiri amene angatsegule mafayilowo. Wachitatu ndi kabatire ka CR2032 ka pa bodi: kakatha mphamvu, firmware imaiwalanso zimene inauzidwa, moti kompyuta yokonzedwa dzulo imakananso lero.

Linux ndi GRUB

Pa disiki ya MBR, GRUB imaika kachidutswa kake koyamba mu sekita 0, ndipo kachidutswa kachiwiri, core.img, imakabisa m'mpata wopanda mwini pakati pa MBR ndi chigawo choyamba. Madisiki akale ankayamba chigawo choyamba pa sekita 63, atsopano pa sekita 2048. GPT ikabwera imalemba mutu ndi mndandanda wake pa masekita 1 mpaka 33, ndendende pamene core.img inagona. N'chifukwa chake disiki yosinthidwa ndi gdisk, pulogalamu ya Roderick Smith, imasunga mafayilo onse koma kompyuta osayaka.

Linux ili ndi mwayi umene Windows ilibe: imatha kuyaka pa GPT ngakhale firmware ili BIOS. Chofunika ndi kachigawo ka megabyte imodzi kosafomata, ka mtundu wa ef02 mu gdisk kapena ka chizindikiro cha bios_grub mu parted, kenako grub-install pa disiki yonse, monga /dev/sda. Wofuna UEFI amapanga ESP ya mtundu wa ef00, amaifomata FAT32, amailumikiza pa /boot/efi, n'kuika GRUB ya EFI kudzera mu chroot. Fulashi ikhale yoyaka pa UEFI, apo ayi efibootmgr siitha kulemba dzina mu NVRAM.

Fayilo ya /etc/fstab nayo iyang'anidwe. UUID ya zimene zili m'chigawo siisintha kaundula akasintha, koma PARTUUID imasintha, ndipo mayina ngati /dev/sda6 amatha kusuntha chigawo china chikafufutidwa. Lamulo la blkid limapereka manambala olondola.

Kaundula akafufutika

Lamulo la convert gpt mu diskpart limafuna disiki yopanda zigawo, choncho malangizo ambiri amaika clean patsogolo pake. Clean imafufuta kaundula m'kanthawi kochepa, osafunsa kawiri, ndipo disiki imaoneka yopanda kanthu. Magetsi akathima pakati pa ntchito yosuntha chigawo zimavuta koposa, chifukwa mafayilo ena amakhala atasamuka pamene ena adakali kwakale. Kusuntha zigawo pa kompyuta ya pa desiki yopanda UPS, kumalo kumene magetsi amathimathima, ndi kuika mafayilo pa ngozi yosafunika.

Pambuyo pa clean wamba, mafayilo amakhala adakalipo malinga ngati palibe chatsopano chalembedwa, makamaka pa disiki yozungulira. TestDisk, ya Christophe Grenier, imafufuza disiki yonse kusaka poyambira zigawo zakale, imaonetsa mafayilo ake kuti munthu atsimikize, kenako n'kulembanso kaundula. Pa GPT, ngati mutu wa kutsogolo wokha ndiwo wawonongeka, gdisk imaubwezeretsa kuchokera ku kope la kumapeto kwa disiki. Clean all ndi ina: imalemba maziro pa sekita iliyonse, ndipo palibe pulogalamu imene ingabweze zimene zinalipo. Pa SSD, kufomata kumatha kutumiza lamulo la TRIM, limene limauza disiki kuti malowo ndi aulere, ndipo disikiyo imawayeretsa yokha posakhalitsa.