Mabuku a masamu amene ankafika ku Ngara

Kwathu ku Ngara anthu amadziwa usipa, koma mbiri ya masamu m'dera lino inayambira kumtunda, ku Khondowe. Kumeneko Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun mu 1894, ali ndi maloto akuti idzakhale yunivesite. Malotowo anachedwa kukwaniritsidwa: University of Livingstonia inatsegulidwa mu 2003.

Ife a m'badwo wa pambuyo pa ufulu sitinkasankha buku ayi, tinkawerenga limene latipeza. Fizikisi tinkaidziwa ndi dzina la Abbott. Wofuna kupitirira pamenepo ankasaka buku la Nelkon ndi Parker, ndipo pa masamu ankapempha la Backhouse kwa mkulu wake wa ku Chancellor College, lobwera pa basi ya mumsewu wa M1 chikuto chitathothoka. Ine ndimalemekezabe Backhouse: mafunso ake ndi ambiri, mayankho ali kumapeto, choncho mwana wopanda mphunzitsi amatha kudziyesa yekha.

Yunivesite ya Mzuzu itayamba kuphunzitsa mu 1999, mabuku anayandikira. Koma mu Disembala 2015 laibulale yake inapsa.

Lero vuto latembenuka. Maphunziro a fizikisi a Feynman ali pa intaneti kwaulere, ndipo mnyamata wa pa doko amawatsegula pa foni. Ndimamuuza kuti Feynman amakoma kumva koma sakuphunzitsa kuwerengetsa. Ayambe wathana ndi calculus ya m'buku la Stroud, tsamba ndi tsamba, pensulo ili m'manja. Mabuku a fizikisi a Landau ndi Lifshitz adikire kaye mpaka atapeza womufunsa akakakamira.